Mipando ya Alendo Osatsanzika

Inu a Kanthambo, Nduna ya Mawaya ndi Zamumlengalenga mu Ufumu wa Dikirani, ndinu amene munapha tsamba la pa intaneti la Ufumu, ndipo musacheuke ngati ndikunena wina. Simunalimenye ndi chibonga ayi. Munalipha ndi ulemu. Pa wailesi mwanena kale kuti olakwa ndi mitambo, makoswe ndi anthu osaleredwa bwino. Ndiye khalani pansi, poti kukhala ndiye mumakutha, ndikukumbutseni momwe zinayendera.

Kale tsambali linalibe vuto, chifukwa linalibenso ntchito. Ukalitsegula pa foni unkaona chithunzi cha Mwinidziko Chikhalire atagwira litchowa, pansi pake mayina awo aulemu, basi. Seva, chikompyuta chomwe chimasunga tsambalo m'kachipinda kozizira kuseri kwa nyumba yachifumu ku Bwerammawa, inkagwira ntchito ngati mwini okala: wafuna chithunzi, nachi, dzipita. Inalibe nthawi yofunsa za kunyumba.

Kenaka kunagwa lamulo lakuti benchi iliyonse ya mumsika wa Pirirani ilembetsedwe pa tsambalo lisanathe tsiku la Chikondwerero cha Mpando. Benchi yosalembetsedwa idzaperekedwa kwa nzika zokonda chitukuko. Ku Dikirani ngakhale mbuzi zimadziwa kuti nzika zokonda chitukuko zonse zinakwatira kapena kukwatiwa kubanja kwa nduna.

Kulembetsa si ntchito ya pa okala. Pamafunika wina womvera nkhani yako, kukaisunga kunkhokwe ndi kubwera ndi yankho. Choncho munagula pulogalamu yachiwiri n'kuiika mu seva momwemo, ndipo munaipatsa dzina: Mlandiralendo. Aliyense wotsegula tsamba, Mlandiralendo amamupatsa mpando m'kati mwa makinawo, mpando wosaoneka ndi maso koma wowerengeka, monga m'nyumba iliyonse mipando imakhala yowerengeka. Amene anapanga pulogalamuyo anaikamo kalamulo kakang'ono: mlendo akakhala chete kwa kanthawi, ndiye kuti wapita, mpando wake upatsidwe kwa wina.

Tsiku lotsegulira, mayi Ndaziona Kalumo, woyang'anira seva, anakufotokozerani kalamuloko. Mukukumbuka? Munali mutagwira kale sizasi yodulira riboni.

"Mwati bwanji, mayi Kalumo? Kuchotsa mlendo pampando, m'nyumba ya Mwinidziko? Munakulira kuti inu? Kwathu kuno mlendo amanyamuka yekha atatsanzika, ndipo timamuperekeza mpaka pamphambano."

"Bwana, ambiri sadzatsanzika. Wina bandulo idzamuthera, wina batire, wina netiweki idzamuthawa ali m'kati molankhula."

"Ndiye tidzamudikira. Akabwera adzapeze mpando wake uli wofunda."

Mayi Kalumo ali ndi ana pasukulu. Anachotsa kalamuloko, n'kuikapo batani lolembedwa kuti NDAPITA, loti mlendo azidina akamachoka. Inu munadula riboni, bandi ya apolisi inaimba, ndipo tsamba linayamba kudwala madzulo omwewo.

Pachipata cha msika wa Pirirani, pomwe maminibasi amatsitsira anthu, pali benchi ya Nangozo. Amagulitsa tomato ndi anyezi. Benchiyo anamusiyira mayi ake, ndipo mwendo wake umodzi ndi wa mlombwa womwe bambo ake anasema ndi manja awo. Pamalo pomwepo ndiye pamachokera chakudya cha nyumba yake yonse, chifukwa wotsika minibasi amagula kwa amene wayamba kumuona. Moyandikana naye pali a Bwanali, ochajitsa mafoni, munthu woti nkhani iliyonse ya mumsika imayamba yadutsa pa masoketi ake.

Nangozo anatsegula tsamba, ndipo pa foni panabwera kagudumu. Kanazungulira. Anagulitsa mulu wa tomato, kakuzungulira. Anakangana ndi kondakitala yemwe anaponda anyezi, anabwerera, kakuzungulirabe.

"A Bwanali, foni yangayi yalowa chiyani?"

"Foni ili bwino, mayi. Kagudumuko ndiye boma. Likukuganizirani."

"Liganiza mpaka liti?"

"Ine linayamba kundiganizira Lolemba. Ndimati ndikadzuka ndimaliyang'ana, ndione ngati silinatope."

Msika wonse unali ndi kagudumu m'manja. Ogulitsa makala ankati ndi chigayo cha mfumu, chimalira tsiku lonse osatulutsa ufa. Amayi a zitumbuwa ankafunsana m'mawa kuti kwanu kakuzungulira chakumanja kapena chakumanzere. Chifukwa chake sichinali chinsinsi kwa aliyense. Mipando yonse inali itatengedwa ndi alendo omwe anachoka kalekale osadina NDAPITA, ndipo Mlandiralendo anali ataima chilili pakati pa mipando yopanda anthu, akudikira mwaulemu kuti wina amalize nkhani yake.

Kenaka tsiku lina masana magetsi anazima, monga amachitira. Atayakanso, munthu wina wogulitsa nsapato za kaunjika anakuwa kuti tsamba latseguka. Linatsegukadi, mofulumira ngati mnyamata woitanidwa kukadya. Patapita kanthawi, kagudumu kanabwerera.

Anthu a ku Dikirani sanapite kusukulu ya makompyuta, koma kuzindikira amatha. Magetsi akazima, seva imaiwala zonse, alendo onse amasowa, mipando imatsala yopanda kanthu. Palibe amene wathamangitsa mlendo, ndiye mwambo sunathyoledwe. Kuyambira pamenepo mtundu wonse unayamba kupempherera kuzima kwa magetsi. Akathima, msika wonse unkaomba m'manja n'kukonzekera zala. Mkulu woyang'anira magetsi, yemwe kale ankadutsa mumsika atavala chipewa mpaka m'maso, anayamba kupatsidwa nthochi zaulere. A Bwanali okha ndiwo anasokonezeka, chifukwa chomwe chinkapha bizinesi yawo ndi chomwe chinkayenera kupulumutsa malo awo.

"Ndipempherere ziti tsopano?" anafunsa.

"Pemphererani zonse ziwiri," anatero Nangozo. "Kumwamba akasankha okha."

Koma Nangozo mipando ankaiphonya. Magetsi akayaka ankakhala ali ndi kasitomala, kapena m'manja muli madzi a tomato. Akamati apukute pachitenje, adine ndi chala chimodzi, anyamata a zala zothamanga anali atadzaza kale nyumba, ndipo theka la iwo linali litachokamo kale osatsanzika.

Inu a Kanthambo simunakhale manja lende, zimenezo ndikuyamikani. Munayamba ndi makoswe. Munati akutafuna mawaya, ndipo amphaka analembedwa ntchito kuchipinda cha seva, ndi mkulu wawo wowayang'anira, mphwanu. Kenaka munati mitambo yatsika kwambiri chaka chino. Kenaka munalamula kuti ngati mipando ikuchepa, iwonjezedwe. Mayi Kalumo anawonjezera. Munati awonjezerenso. Anawonjezera mpaka nyumba inadzaza mipando kufika kudenga, Mlandiralendo anasowa popondera, seva inabanika, ndipo ngakhale chithunzi cha Mwinidziko chinasowa pa tsamba.

Mabenchi a anthu akanatha kudikira. Koma litchowa la Mwinidziko kusowa pa foni, imeneyo inali ngozi ya dziko. Bwalo la nduna linaitanidwa.

Tsono mwina wowerenga wachilendo sakulidziwa bwalo la ku Bwerammawa. Kudzanja lamanja la Mwinidziko kumakhala atsibweni awo, a Tsinzina, omwe anabwera kudzakhuza maliro a bambo a Mwinidziko, mfumuyo isanamere ndevu, ndipo mpaka lero sanatsanzike. Anapatsidwa mpando pa tsiku la maliro, kenaka chipinda, kenaka unduna wa Zamtsogolo. Pafupi nawo pali Nduna ya Madzi, yomwe mawu ake anamveka komaliza chaka cha dzombe. Kuli ena angapo otere. Amabwera, amakhala, amapuma mokweza, amalandira chakudya.

Mayi Kalumo anagwada, anaomba m'manja, n'kuyamba mozungulira monga mwambo ufunira.

"Mwinidziko, ine ndine mwana, sindingaphunzitse akuluakulu. Koma tsamba linkayenda. Taika Mlandiralendo, laima. Magetsi akazima limadzuka, mipando ikadzaza limagonanso. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pempho langa ndi laling'ono. Tibwezeretse kalamulo kaja, kakuti amene wakhala pampando nthawi yaitali osanena kanthu, tizimuyesa kuti wapita, mpando upatsidwe kwa wina."



A Tsinzina anatsegula diso limodzi. Kenaka linalo. Anthu ena anali asanawaonepo ali ndi maso onse awiri otsegula.

"Wati chiyani mwanayu?"

Inu a Kanthambo munayankha msanga. "Akunena za makina, atsibweni."

"Lero makina. Mawa?" A Tsinzina anagwira manja a mpando wawo ngati ali m'bwato. "Nthawi yaitali ndi iti? Ayeza ndani? Munthu akhoza kukhala chete chifukwa akuganiza."

"Zoona," inatero Nduna ya Madzi, ndipo alonda awiri anadzidzimuka, poti ankayesa kuti ndi wosalankhula chibadwire.

"Mame akamuke kumunda," anapitiriza a Tsinzina. "Muno ndi m'nyumba. Ine ndinabwera ndi chisoni, ndipo chisoni changa sichinathe."

Mwinidziko Chikhalire, omwe nawonso mpando wawo anangoti augwirizire m'bale wawo mpaka atakula, m'baleyo n'kukula, n'kukalamba, n'kumwalira, anagwedeza litchowa pang'onopang'ono. Anati maganizo a mayiwa ndi achilendo ndipo akhoza kusokoneza ana.

Apa ndi pomwe munaimirira, a Kanthambo, n'kupulumutsa dziko. Munati vuto si Mlandiralendo, pakuti iye ndi mphatso ya Mwinidziko, ndipo mphatso ya Mwinidziko siilakwa. Vuto ndi mwano wa anthu ochoka pakhomo osatsanzika. Bwalo linagwirizana ziwiri. Choyamba, kuchoka pa tsamba osadina NDAPITA ndi mlandu wonyoza nyumba yachifumu. Chachiwiri, n'zamanyazi kuti alendo a Mwinidziko azisowa nthawi iliyonse magetsi akathima, choncho pagulidwe jenereta kuti seva isadzazimenso mpaka kalekale. Pa swichi panaikidwa msilikali wa mfuti. Mipando yowonjezera ija inachotsedwa kuti chithunzi chibwerere, ndipo chinabwereradi, litchowa lili m'manja, kagudumu kakuzungulira pansi pake.

Ndi jenereta imeneyo munatseka kakhomo kokhako komwe anthu ankalowera. Magetsi ankazima, msika n'kuomba m'manja mwachizolowezi, koma kuchokera kuphiri la nyumba yachifumu kunkamveka kulira kwa jenereta, ndipo manja ankagwa okha. Mkulu wa magetsi anavalanso chipewa chake.

Chikondwerero chitayandikira, mayi Kalumo anatsika minibasi pachipata n'kuima pa benchi ya Nangozo.

"Tomato wa bwanji, mayi?"

Nangozo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Inu si amene mumasunga chimakina chija?"

"Ndine."

"Ndiye kungochizimitsa n'kuchiyatsanso kwakukanikani? Ife kuno wailesi ikavuta timangoimenya kambama."

"Pa swichi pali mfuti, mayi."

"Msilikaliyo sadya? Sapita kuseri?"

"Akapita amasiya mnzake."

"Benchi iyi," anatero Nangozo akuimenya ndi chikhatho, "mayi anga anagulitsirapo ali ndi mimba ya ine. Mukufuna ndikaiuze chiyani mizimu, kuti inadyedwa ndi kagudumu?"

Mayi Kalumo anasankha tomato nthawi yaitali, kumutembenuza ngati akufuna dzina lake. Kenaka analankhula osakweza mutu.

"Jenereta imamwa dizilo. Amene amasunga dizilo ndi alamu awo a nduna. Ine sindinanene kanthu. Ingosungani moto mu foni."

"Basi?"

"Basi. Ndiikireni ndi anyezi."

A Bwanali, omwe makutu awo amagwira ntchito ngakhale magetsi atazima, anati, "Mwamva, mayi? Dziko lino chiyembekezo chathu chatsala pa akuba. Tipemphere kuti asatope."

Akubawo sanatope. Koma tsiku la Chikondwerero cha Mpando, lomwenso linali lomaliza kulembetsa, magetsi onse a mumzinda anapatutsidwira kubwalo la zisangalalo, kuti mababu ozungulira chithunzi cha Mwinidziko aziwala ngakhale dzuwa lili pamutu. Masoketi a a Bwanali anali ozizira kuyambira m'mamawa. Nangozo anasunga foni m'chitenje ngati dzira, koma mtima sunamulole. Ankaitulutsa, kuyang'ana kagudumu, kuibweza. Kuyang'ana kulikonse kunkadya moto.

Dzuwa litapendeka, jenereta inatsokomola. Msika wonse unamva. Inatsokomolanso, n'kukhala chete. Wakabaza wina anatsika phiri akuimba belu, akuti kumtunda kwavuta, dramu ya dizilo yapezeka ndi madzi, ndipo asilikali akupopa mafuta kuchokera m'lole ya bandi ya apolisi kuti athire mu jenereta. Anthu anasiya malonda. Kasitomala wina anafuna tomato, Nangozo anamuuza kuti atenge yekha, adzalipira akadzakumbuka. Anapukuta manja. Chala chinali chokonzeka.

Jenereta italiranso, Nangozo anadina, ndipo kwa nthawi yoyamba kagudumu sikanabwere.

"Takulandirani, mlendo wa Mwinidziko," anatero Mlandiralendo pa foni. "Khalani pampando. Mwayenda bwanji?"

"Yankhani msanga," anatero a Bwanali akusuzumira paphewa pake. "Batire lafiira."

Nangozo analemba kuti wayenda bwino.

"Kunyumba mwasiyako bwanji?"

Bwino.

"Nanga ana?"

"Ameneyu ndi wa kuchikazi kapena wa kuchimuna?" anafunsa Nangozo. "Ana anga akuwadziwira kuti?"

"Lembani kuti bwino, mayi. Ngakhale ali ndi chifuwa, bwino."

Malonje amenewa, a Kanthambo, munawonjezera ndinu, poti munati si bwino kufunsa mlendo chomwe wadzera asanapume. Nangozo anayankha za ana, za mvula, za kumunda. Pomaliza Mlandiralendo anafunsa kuti, "Tikuthandizeni chiyani?" Nangozo analemba dzina lake. Analemba dzina la msika. Anayamba kulemba nambala ya benchi, ndipo foni inathima m'manja mwake, mwakachetechete, osatsanzika.

A Bwanali anaitenga, anaipukuta, anachotsa batire n'kulipaka pa buluku, analibwezera. Palibe. Anayesa foni yawo, koma mipando inali itadzaza kale. Nangozo sanalire. Anakhala pa benchi yake n'kuyamba kupanga milu ya tomato mosamala kwambiri, ngati kuti mawa kuli msika monga mwa masiku onse.

Sabata yotsatira benchi ya pachipata inaperekedwa kwa nzika yokonda chitukuko. Mukuidziwa, imadya kwanu Lamulungu lililonse. Ndi alamu anu aja osunga dizilo, ndipo pa benchiyo akugulitsapo dizilo wa m'zigubu. Mwendo wa mlombwa uja wada ndi mafuta. Nangozo wayala chiguduli pansi, kuseri kwa msika pafupi ndi ngalande, komwe kasitomala amafika pokhapokha atasochera. Ndipo anaitanidwa kukhoti, kukayankha mlandu wochoka m'nyumba ya Mwinidziko osatsanzika.

Atachajitsa foni, anayesa kubwerera kuti akadine NDAPITA, mwina mlandu n'kuchepa. Mlandiralendo sanamuzindikire. Anamuyesa mlendo watsopano, n'kumupatsa kagudumu, chifukwa mipando yonse ili ndi eni ake. Umodzi mwa mipandoyo ndi wa Nangozo. Ulipo mpaka lero m'kachipinda kozizira, jenereta ikuulondera, msilikali akulondera jenereta, amphaka akulondera msilikali. Palibe angaukhudze.

"Mwakwera, mayi," anatero a Bwanali, omwe nawonso tsopano amachajitsa mafoni pansi pa mtengo. "Muli ndi mpando kunyumba yachifumu. Mwafanana ndi a Tsinzina."

"Eya," anatero Nangozo akuingitsa ntchentche za m'ngalande. "Ndikungodikira kuti ndinyamukepo, kuti ndipeze pokhala."

Dzulo ndinakumvani pa wailesi, a Kanthambo, mukuti tsamba la Ufumu ndi lodzaza usana ndi usiku, umboni wakuti anthu amakonda Mwinidziko mpaka safuna kuchoka. Munaseka, wofunsayo anasekanso. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Kalamulo kaja munakachotsa ndinu. Malonje munaika ndinu. Jenereta munagula ndinu, ndipo dizilo wake akugulitsidwa pa benchi ya munthu yemwe mukumuzenga mlandu wa mwano.

Ndiye musatumize mlembi, musatchule mitambo, ndipo amphaka muwasiye. Mwati kwanu mlendo sachotsedwa pampando mpaka atatsanzika yekha. Nangozo anakhala pa benchi ija kuyambira ali kumsana kwa mayi ake. Anakutsanzikani liti? Imirirani pampando wanuwo, ngati miyendo ikukumbukabe ntchito yake, mupite kuseri kwa msika pafupi ndi ngalande, mukamuyankhe pamaso.